Ng'oma ya a Chule, Mwini Dambo

Wambani ng'oma, anyamata, mvula yagunda kum'mawa. Iwe wa mbalule tsogola, wa mpanje ugwire pansi, wa kamkumbe usathamange. Amayi konzekani m'manja ndi nthungululu. Njovu ndi mkango zinadya kale matamando mpaka kukhuta, lero zipume. Bwalo ndi la mkulu wonyonyomala, amene saimirira ngakhale pofika mfumu.

Wawa a Chule! Mwini dambo, Mlosi wa dzinja, Maso-padenga, Pakamwa-pofika-m'makutu, Opanda-khosi-koma-oona-kumbuyo. Inu a midzi iwiri, wina m'madzi wina kumtunda, msonkho osakhoma kulikonse. Mbumba yanu inapitirira mitundu 7,000, kuyambira chimphona cha m'mitsinje ya Cameroon cholemera makilogalamu atatu mpaka kamwana ka m'nkhalango za Papua New Guinea kosakwana sentimita imodzi, koti kakhale pa chikhadabo malo n'kutsala. Onsewo mwambo ndi umodzi: mchira palibe, msana waufupi, miyendo yam'mbuyo yopinda, khungu lonyowa.

Tiyambe ndi khungulo, pakuti inu nonse ndinu khungu. Ng'oma yathuyi kuti ilire timaiwamba pamoto chikopa chiume. Yanu ikangouma, kwagwa maliro.

Wawa Samwa-madzi! Akuluakulu anati chule anadabwa m'madzi muli mwake, koma odabwa enieni ndife. Mubadwira m'madzi, mukulira m'madzi, chonsecho mlomo wanu sudziwa kumwa. Ludzu likakugwirani mumangokhala pansi, n'kugunditsa mimba ndi ntchafu padothi lachinyezi. Pamenepo khungu ndi lopyapyala, timitsempha ta magazi tili thithithi, ndipo madzi amadzilowera okha mpaka thupi litakhuta. Amwa-chokhala, Chikho-n'chapamimba, okumba chitsime ndi matako!

Wawa Apumira-pathupi! Mkati mwa khungu lanu mwadzaza timatumba totulutsa thelezi, ndipo thelezilo si litsiro ayi. Mpweya sulowa pouma. Okosijeni amayamba wasungunuka m'chinyezicho, ndiye n'kudutsa kukapeza magazi, ndipo mpweya woipa wambiri umatulukira njira yomweyo. N'chifukwa chake mumamira n'kukhala phee pansi pa thamanda, ana ofuna kukugendani mpaka kutopa n'kubwerera kwawo. Mbale wanu wa m'nyanja ya Titicaca, kumalire a Peru ndi Bolivia, pamtunda wa mamita 3,800 pomwe mpweya ndi wopepuka, khungu linamukulira, ali makwinya okhaokha, ndipo limamukwanira kupumira osavutika n'kuvuuka.

Avula-n'kudya! Chovala chikatha ntchito mumachisenda nokha ndi miyendo, kuchikokera kumutu, n'kuchilowetsa m'kamwa. Kudzala simutaya kanthu.

Mankhwala-pamsana, Sing'anga-wopanda-nsupa! Pali timatumba tina tosunga zowawa. Wa njerewere uja, wobwera pansi pa nyali kudzatola ngumbi, ali ndi zotupa ziwiri kuseri kwa maso. Galu wosamva akamuluma amabwerako thovu lili kukamwa, mawa lake akamuona amalambalala. Wakuda wa mizere yofiira salumpha n'komwe, amayenda monyada, pakuti utoto wake unalengeza kale kuti wondidya adzionera yekha. Ku Colombia kuli kachule kachikasu komwe anthu a mtundu wa Emberá amapakako nsonga za mivi. Koma si ululu wokha. Michael Zasloff, dokotala wa ku America, ankachita opaleshoni achule a zikhadabo a kuno ku Africa n'kuwabwezera m'madzi osaphitsa, mabala n'kumapola osachita mafinya. Atafufuza, mu 1987 analengeza kuti khungu lawo limafulula lokha mankhwala opha tizilombo. Iombeni, anyamata, mkuluyu amayenda ndi chipatala kumsana!

Opanda-nthiti, Omeza-mpweya! Ife timakoka mpweya ndi chifuwa. Inu nthiti zokokera mulibe, mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba mulibe. Mumatsitsa pansi pa kamwa mphuno zili zotsegula, mpweya n'kudzaza. Mumatseka mphuno, n'kukweza pakhosi, mpweya n'kukankhidwira m'mapapo. Woona pakhosi panu pakugundagunda amati mukutafuna kapena mwachita mantha. Ayi ndithu, mukupuma.

Apa mbalule ichepetse mawu, tikutamanda mnzathu wa ntchito imodzi. Oimba-chitsekere-pakamwa, Thumba-pammero, Osagonetsa-mudzi! Mpweya umodzi womwewo mumaupititsa kuchoka m'mapapo kudutsa pa kholingo kukalowa m'thumba, n'kuubwezanso, n'kuupititsanso, usiku wonse osautaya. Thumba limafufuma, nyimbo n'kuwoloka dambo. Oimba ndi aamuna, osankha ndi aakazi. Khutu lanu lilibe chikutu chogwira. Ndi kachikopa kozungulira kuseri kwa diso, komatidwa pamutu, ndipo mkati mwake linachunidwa kuti limve bwino nyimbo ya mtundu wake. Dambo limodzi mitundu khumi iimbe pamodzi, wamkazi amadutsa phokoso lonselo n'kukafika kwa wakwawo. Komatu ng'oma yolira sichedwa kung'ambika. Ku Panama kuli mileme yomwe imatsata nyimbo ya chule mumdima n'kumunyamula ali pakati pa kufunsira.

Mpanje, gunda pansi, tafika pamtima.

Wawa Mitima-isanu! Wa magazi ndi umodzi, wa zipinda zitatu: ziwiri zolandira, chimodzi chopopa. Ana asukulu amaloweza kuti mtima wotere ndi wotsalira, woti magazi ochoka m'mapapo amasakanikirana ndi otopa, pomwe wathu wa zipinda zinayi ndiye weniweni. Chiweruzo chimenecho n'chothamanga. Khoma la chipinda chopopacho lili ndi timaenje tambirimbiri togwira magazi malo amene afikira, ndipo potulukira pali chotchinga chopotana chomwe chimawagawa: otopa kumapapo ndi kukhungu, abwino kumutu ndi kuthupi. Osakanikirana ndi ochepa. Tsono mukamira, mapapo alibe ntchito. Kutumako magazi ambiri n'kutaya mphamvu. Mtima wa zitatu umatha kuchepetsa njira ya kumapapo n'kudyetsa khungu. Wathu wa zinayi sungayerekeze. Ina inayi ija si ya magazi. Thupi lomwera pakhungu limadzaza madzi m'matumba apansi pa khungulo, ndiye timitima tiwiri chakumapewa ndi tiwiri chakumchiuno timagunda patokha, kutunga madziwo kuwabwezera m'mitsempha. Timeneti tikaima, chule amatupa n'kufa.

Mphunzitsi-wa-madokotala, ophunzitsa chigonere chagada! Mu 1661, ku Bologna, Marcello Malpighi anayang'ana papo lanu pagalasi lokulitsa zinthu, n'kuona timitsempha tosaoneka ndi maso tolumikiza njira yopita ndi njira yobwerera ya magazi. Pa nkhosa zinamukanika, pa inu zinaoneka. Ku London, cha m'ma 1883, Sydney Ringer anazizwa poona mtima wanu wochotsedwa m'thupi ukugundabe kwa maola m'madzi amchere. Zinadziwika kuti womuthandiza anasakaniza ndi madzi a pampopi m'malo mwa osefedwa, ndipo m'madzi a pampopiwo munali kashiamu amene mtima sugunda popanda iye. Dilipi imene amaika wodwala kolera lero, yotchedwa dzina la Ringer, kholo lake ndi madzi amenewo. Ku Graz, mu 1921, Otto Loewi anatenga mitima yanu iwiri. Woyamba anaugwedeza mtsempha mpaka unayamba kugunda pang'onopang'ono, n'kutunga madzi ousambitsa kukathira wachiwiri, nawonso unafooka. Apo dziko linadziwa kuti mitsempha imalankhula ndi ziwalo potulutsa mankhwala. Mphoto ya Nobel ya 1936 inapita kwa Loewi ndi Henry Dale. Eni mitima sanaitanidwe kuphwando.

Kamkumbe, thamanga tsopano, pakuti chikubwerachi sichidikira.

Lilime-lozika-kutsogolo, Mphezi-ya-m'kamwa, Ulimbo-wosatcheredwa! Lathu linazikidwa kummero, lanu kumlomo, nsonga yaloza m'kati. Chiwala chikadutsa limatembenuka, laku! Munthu asanamalize kuphethira, chiwala chalowa kale. Alexis Noel ndi David Hu a ku Georgia Tech anayeza mu 2017 n'kupeza kuti lilime lanu ndi lofewa kakhumi kuposa lathu, moti limakuta kachilombo mbali zonse. Malovu nawo ndi achinyengo: pomenya amasungunuka n'kulowa m'ming'alu yonse ya chiwala, pokoka amalimba n'kugwira, pomeza amasungunukanso n'kuchisiya. Mano muli nawo ang'onoang'ono kunsagwada yam'mwamba ndi kudenga la m'kamwa, ogwirira osati otafunira. Wa njerewere alibe ndi limodzi lomwe.

Omeza-ndi-maso! Inde, mwamva bwino amayi, kuwani nthungululu. Pakati pa diso ndi m'kamwa palibe fupa lotchinga. Chakudya chikalowa mumatsinzina, maso n'kumira m'mutu, n'kukankha nyama kutsikira kummero. Wina akanena kuti chule akutsinzina chifukwa chakoma, musamutsutse kwambiri, koma dziwani kuti diso lili pantchito. Zikope-zitatu, chachitatu choonekera mkati, chokwera kuchokera pansi mukamira. Ndipo diso lanu silinena zonse kwa ubongo. Jerome Lettvin ndi anzake ku MIT anasonyeza mu 1959 kuti limasankhiratu lokha: kanthu kakang'ono kakuda koyenda, nenani; mthunzi waukulu wogwa mwadzidzidzi, nenani msanga; zongokhala chete, zisiyeni. Motero mutha kugona ndi njala ntchentche zakufa zitakuzungulirani. Adya-choyenda, Okana-zofa-zokha!

Miyendo! Ombani zonse pamodzi, miyendo!

Uta-m'ntchafu, Alumpha-osatsanzika, Njo-pano-chubwi-uko! Mafupa a msana osapitirira 9, otsalawo anaumbana n'kukhala ndodo imodzi pakati pa mafupa aatali a m'chiuno. Pakhosi fupa limodzi lokha pomwe ife tili ndi 7, ndiye kucheuka kulibe, thupi lonse litembenuke. Mafupa awiri a m'munsi mwa bondo anagwirizana kukhala limodzi kuti asathyoke. A m'kakolo anatalika n'kusanduka chigawo china cha mwendo. Zala zinayi kutsogolo, zisanu kumbuyo. Mnofu pawokha sungaponye thupi chonchija. Umayamba wakoka mtsempha wolimba wa kukakolo, kuukunga mwendo usanasunthe, ndiye n'kuumasula kamodzin'kamodzi. Wa mphuno yosongoka wa m'maudzu a m'madambo athu ndiye katswiri: wamtundu wake anapitirira mamita 10 polumpha katatu pampikisano wa ku South Africa mu 1977. Ngakhale mutafa miyendo sikhala chete. Luigi Galvani, ku Bologna komwe kuja, anaona mwendo wa chule wakufa ukutukula utakhudzidwa ndi zitsulo, n'kulemba mu 1791 kuti m'nyama muli magetsi. Alessandro Volta anati magetsiwo achokera kuzitsulo, ndipo pofuna kupambana mkangano anapanga batire yoyamba mu 1800. Onse awiri anali ndi mbali yoona. Wa tochi, wa wailesi, wa foni, gwadani pang'ono kwa Mwendo-wobala-batire.

Za m'mimba tingodutsa: chiwindi chachikulu cha magawo atatu, ndulu yobiriwira, mafuta achikasu osungira chilimwe ndi mazira, khomo lotulukira limodzi la mkodzo, ndowe ndi mbewu. Ena mwa inu akameza choipa amatulutsa chifu chonse kukamwa, kuchipukuta ndi dzanja, n'kuchibwezera. Zimenezo tiombere m'manja patali.

Nanga wakhungu lonyowa amatani m'Okutobala, dambo litang'ambika? Apa ndiye pali nzeru za mbumba. Chimchule cha m'zigwa zotentha, cha nyanga zakuthwa kunsagwada yam'munsi, chimakumba chobwerera m'mbuyo ndi chidendene cholimba. Chikafika pansi chimasenda khungu osalidya, lina pamwamba pa linzake, mpaka chitadzikulunga chonse n'kusiya mphuno zokha. Mtima umagunda mwa apo ndi apo, chikhodzodzo chasanduka nkhokwe ya madzi obwerera m'magazi pang'onopang'ono. Odziika-m'manda-okha, Ouka-ndi-bingu! Chiswenene cha mumtengo chinasankha njira ina. Chimakhala panthambi dzuwa lili pamutu, miyendo chapinda pansi pa mimba, thupi chayeretsa kuti mbee kuti kutentha kubwerere. Achule ena amataya zoipa za m'magazi ndi mkodzo wambiri. Ichi chimazitulutsa zoyera, zolimbirako, monga zimachitira mbalame, madzi n'kutsala m'thupi. John Loveridge atalemba zimenezi mu 1970, m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, zinali zachilendo kwa akatswiri, pakuti chule wotere sankamuyembekezera.

Mvula yagwa, mathamanda adzaza, ukwati wafika. Akumbatira-osasiya, Chala-chokhakhala! Wamwamuna amamera zikanga pachala kuti asaterereke pamsana pa mkazi. Mkazi amatulutsa mazira, mwamuna n'kuthira mbewu pomwepo, zonse kunja kwa thupi. Mazira alibe chigoba, angokutidwa ndi thelezi lofufuma m'madzi. Chiswenene chimapuntha thovu ndi miyendo panthambi yolendewera pamwamba pa dziwe, amuna angapo akuthandiza, ndipo pakapita masiku ochepa ana amagwa okha m'madzi. A Finye, Ofufuma-akakwiya, Nkhope-yosaseka, manja anawafupikira moti mkazi sangamukumbatire. Amangomatirira kumsana kwake ndi zomata za pakhungu, awiriwo n'kukumba limodzi chobwerera. Ana awo amakulira m'chisa cha pansi pa nthaka n'kutuluka ali achule kale, osalawa dziwe. Pa phiri la Mulanje pali kachule komwe ana ake amakwawa m'timadzi toyenderera pathanthwe. Ndipo chimchule chija, chodya ngakhale abale ake, chikabereka chimasanduka mlonda: chimalimbana ndi chilichonse choyandikira ana, ndipo chithaphwi chikayamba kuphwa chimakumba ngalande ndi miyendo kuti madzi a dziwe lalikulu awapeze.

Wawa Mbululu, Mwana-wosafanana-ndi-make, Mutu-ndi-mchira-basi! Mupuma ndi makha, pakamwa kadontho kokhala ndi timizere tokokotera ndere, matumbo aatali opiringizana oonekera pamimba. Kenako kachiwalo ka pakhosi, komwe kwa munthu kakatupa timati chithokomiro, kamatulutsa lamulo m'magazi. Friedrich Gudernatsch, ku Prague mu 1912, anadyetsa mbululu chithokomiro cha hatchi, ndipo zinasanduka tiachule ting'onoting'ono nthawi isanakwane. Ena atazichotsa chiwalocho, zinangonenepa osasintha. Ayodini amene amathira mumchere wathu ndi yemweyo amene mbululu imafuna kuti ikhale chule. Taonani mphamvu ya lamulo limodzi: mwendo likuuuza mera, mchira likuuuza fota. Yam'mbuyo imayamba, yakutsogolo imakulira mobisika n'kuboola khungu. Makha amasungunuka, mapapo amatenga ntchito, matumbo amafupika n'kutsala gawo limodzi mwa anayi, pakamwa pamang'ambika kufika m'makutu, lilime limamera, maso amakwera padenga. Masiku amenewo kudya kulibe, kamwa lakale latha latsopano silinapse. Mchira sugwa pansi ayi, umabwerera m'thupi n'kukhala kamba wa paulendo. Odya-mchira-wawo, Obadwa-kawiri, Omera-dzanja-atakula! Mwa mazanamazana otuluka m'mazira, mlamba, ng'azi, njoka ndi nantchengwa zimatengapo zawo, ofika kumtunda ndi owerengeka.

Pali mmodzi anakana kusamuka. Wa zikhadabo zitatu kuphazi, Wopanda-lilime, Wokankha-chakudya-ndi-manja, woimbira pansi pa madzi popanda thumba, womva kugwedezeka kwa madzi ndi timizere ta m'mbali mwa thupi. Azasayansi amati Xenopus. Lancelot Hogben atagwira naye ntchito ku Cape Town cha m'ma 1930, anasanduka mzamba wa dziko lonse: ankabaya wamkazi ndi mkodzo wa mayi, ndipo akaikira mazira usiku womwewo, ndiye kuti mayiyo ndi woyembekezera. Mpaka m'ma 1960 achule amenewa ankakwera sitima ndi ndege kupita kuzipatala za kutali. Mu 1962, ku Oxford, John Gurdon anatenga phata la selo ya m'matumbo a mbululu yake, kuliika m'dzira lochotsedwa phata, n'kutulukamo mbululu yamoyo. Selo ya m'matumbo inali ikusungabe malangizo a thupi lonse. Nkhosa Dolly ya 1996 inadzayenda m'njira yolambulidwa kale, ndipo Gurdon analandira Nobel mu 2012.

Tsono khomo lolowera madzi ndi mpweya silisankha mlendo. Mankhwala opopera m'dimba, mafuta otayikira m'ngalande, sopo wa pamtsinje, zonse zimakupezani m'magazi musanatsegule pakamwa. Choopsa koposa ndi kachilombo ka gulu la bowa ndi chuku, kotchulidwa dzina mu 1999, komwe kamamera m'khungu momwemo. Khungu limakhuthala, mchere wa m'magazi umasokonekera, mtima n'kuima, pathupi popanda bala. Kafukufuku wa mu 2019 anawerenga mitundu pafupifupi 500 ya achule ndi abale awo yomwe yachepa ndi nthendayi, 90 mwa iyo yoganiziridwa kuti inatheratu.

Wawa wa ku Kihansi, m'mapiri a Udzungwa ku Tanzania! Kachikasu kakang'ono, Kobereka-amoyo-osaikira, komwe dziko lake lonse linali udzu wonyowa ndi nthunzi ya mathithi amodzi. Damu la magetsi litapatutsa madzi ambiri a mtsinjewo, nthunzi inachepa, nthenda ya khungu n'kumalizitsa otsala. Pafupifupi 500 anali atanyamulidwa mu 2000 kupita ku America, ndipo mbumba inasungika kumalo osungira nyama a Bronx ndi Toledo. Mu 2009 analengeza kuti kutchire kulibenso. Mu 2012 adzukulu awo anayamba kubwezedwa kuchigwa cha makolo, komwe anthu anayala mapaipi owaza madzi usana ndi usiku m'malo mwa mathithi. Mlendo-kwawo-komwe, Wokwera-ndege-alibe-mapiko, Womwera-mvula-ya-m'paipi, wawa!